Mtsikana Amene Anamutcha Saphonya

Panali bambo wina wokonza njinga pa kamsika ka m'mapiri a ku Dedza, ndipo anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi. Inu atsikana a timu yanga, khalani pansi pamthunzipo, mpira tiyambe taupumitsa. Iwe wa kumapetoko, leka kuunjanjitsa, suthawa. Tcherani khutu kuno.

Mayi a mwanayo anamwalira iye akadali wamng'ono, moti pakhomopo panatsala anthu awiri basi. Bamboyo sankamuitana mwana wake ndi dzina la kusukulu. Ankamuitana ndi la mfunda, Nankhoma, monga aitanira munthu wamkulu, ngakhale pamene kanali kamwana ka mamina m'mphuno.

Mwanayo ataona anzake akusewera mpira wamanja kusukulu, anabwera kunyumba mtima utatsalira komweko. Bamboyo anatenga limu ya kanjinga ka ana, n'kuchotsa masipoko onse, n'kuikhomera pamwamba pa mtengo wa bulugamu umene anauzika kuseri kwa nyumba. Pansi pake anaikapo dengu lakutha, kuti mpira ukalowa uzigwera m'menemo. Mpirawo anaukulunga yekha ndi majumbo, n'kuumanga ndi mphira za machubu akale. Golo linali lomwelo, mpira unali chikulunga chomwecho.

Koma nyumbayo inali pamtsetse, pajatu kumapiri malo athyathyathya ndi osowa. Mwana akaponya n'kuphonya, mpira unkagubuduzika kutsetsereka, kudutsa pakhola la nkhumba, mpaka kukagwera m'dimba la mbatata kumunsi. Ndiye panafunika wotola. Wotolayo anali bamboyo.

Madzulo aliwonse akalongedza masipanala ake, manja ali bii ndi girisi, ankakaima kuseri kwa mtengo uja. Mwana akaphonya, bamboyo liwiro kutsetsereka, munthu wamkulu ndi ndevu zake, kukautola. Ankakwera nawo ali wefuwefu, akuseka. Akafika ankauponya m'manja mwa mwana wake, n'kunena mawu omwewomwewo tsiku ndi tsiku:

"Bwerera m'mbuyo pang'ono, Nankhoma. Ponyanso."

Mwamva? Sankati sendera pafupi. Ankati bwerera m'mbuyo. Mwana akangozolowera kumwetsa ali pamalo ena, bamboyo ankamusuntha kuti akaime pamene sanamwetserepo, ndipo kuphonya kunkayambiranso.

Tsiku lina mwanayo anawaona bambo ake akukwera mtunda uja atagwira m'chiuno, ndipo anamva chisoni.

"Ababa, ndikukutopetsani. Bwanji ndiziima pafupi kuti ndisamaphonye?"

Bamboyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Ukamwetsa, mpira umagwera m'dengu, umakautenga wekha, ine ndimangoonerera. Ukaphonya, m'pamene nanenso ndimasewera nawo. Usandimane mpira, mayi."

Zaka zimenezo mwanayo ankaphonya kwambiri kuposa kumwetsa, koma pakamsika ponsepo panalibe mwana wokondwa ngati iye. Ankagona mapewa akuwawa, n'kudzuka akulakalaka kuti madzulo afike msanga. Chimene ankafuna chinali chimodzi: lero aponyere patali kuposa dzulo. Mwa njira imeneyo dzanja lake linaphunzira mpira wakutali, uja wokwera m'mwamba ngati ukupita kwina, kenaka n'kutsikira m'golo osakhudza chitsulo.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Atakula, timu ina ya m'tauni inamuona pa masewero a sukulu, n'kumutenga. Bambo ake anamuperekeza pasiteji ya basi, anaima mpaka fumbi litatha, kenaka anabwerera kukakonza njinga zawo.

M'taunimo anayamba bwino zedi. Masewero oyamba, mipira yonse imene anaponya inalowa, yapafupi ndi yakutali yomwe. Achiwiri chimodzimodzi. Tsono inu mukuwadziwa ochemerera athu. Sangaone munthu akuchita bwino osamupatsa dzina, ndipo dzinalo salipereka louma, amaliika m'nyimbo. Mayi wina wa mawu osasa ndi kukuwa anayambitsa ali kumpanda: "Saphonya!" Ng'oma inalandira, bwalo lonse linavomera. Posakhalitsa la Nankhoma linaiwalika. Pawailesi Saphonya, m'minibasi Saphonya. Ana a m'makwalala poponya zikulunga zawo m'ndowa ankalimbirana, aliyense kuti Saphonya ndine.

Dzinalo linamukomera, ndisakunamizeni. Ndani sakondwa kumva dzina lake m'nyimbo? Inu nomwe apa mano ali pamtunda kungoganizira chabe. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsiku lina anaphonya. Unali mpira wakutali, wa pamzere penipeni wozungulira golo, ndipo unagunda chitsulo n'kubwerera. Timu yake inapambanabe, ndi zigoli zambirimbiri. Koma pamene mpirawo unagunda chitsulo, ng'oma inaleka kamphindi, ndipo ochemerera timu inayo anapezerapo danga. Anakuwa monyogodola, ena mpaka kugubuduka pansi: "Waphonya! Saphonya waphonya!"

Kale akaphonya, kunkamveka kuseka kwa bambo ake akutsetsereka mtunda. Tsiku limeneli kunamveka kuseka kwa mtundu wina, ndipo kunamulowa mpaka m'mafupa. Anzake ankavina ndi chipambano, iye ali ndwii pakona ngati wafedwa. Mumtima analumbira kuti anthu amenewa sadzamusekanso.

Kuyambira pamenepo anasintha kaseweredwe. Anayamba kudzipanikiza pansi penipeni pa golo. Mpira ukamupeza pafupi, ankamwetsa. Ukamupeza patali, ankaupereka kwa mnzake wogoletsa naye, kapena kuubweza kunja kwa mzere kuti amupatsenso atasendera. Mipira yovuta yonse inkagwera mnzakeyo. Mnzakeyo ndiye ankaphonya, mnzakeyo ndiye ankatukwanidwa. Iye dzina lake linayera mbee, ndipo nyimbo ija inakula kuposa kale.

Aphunzitsi a timuyo anaona, pajatu ife aphunzitsi timaona zonse, ngakhale mumatiyesa akhungu. Anamuuza kangapo konse. Iye ankangoti, "Chabwino, aphunzitsi," osasintha kanthu. Nanga munthu amene sakuphonya ungamukalipire kuti chiyani? Ngakhale pokonzekera, pamene panalibe wochemerera ndi mmodzi yemwe, sankaponyanso wakutali, kuopa kuti anzake angaone n'kukanena.

Tsono imvani za nyerere zija. Tsiku la masewero likamayandikira, chakudya chinkamukanika. Akamva ng'oma ali m'chipinda chovalira, manja ankazizira ngati wachapa m'mamawa mwezi wa Juni. Kale ankalowa m'bwalo kukafuna chinthu. Tsopano ankalowamo kukalondera chinthu, ndipo mlonda sasangalala, amangodikira kuti kuche. Woimbira akaliza kherere kutseka masewero, anzake ankalumpha ndi chimwemwe, iye ankangousa moyo ngati munthu amene galu wamudutsa osamuluma. M'mawa mwake mantha ankayambiranso. Mtsikana uja ankagona akulakalaka mpira anafika podana nawo mpira, koma osauza munthu. Akanauza ndani? Aliyense ankamusirira.

Kumudzi ankapitako mwa apo ndi apo. Ankawatengera bambo ake shuga, jekete, ndi kawailesi koti azimverapo masewero. Ulendo wina bamboyo atathokoza, anatulutsa chikulunga, n'kukaima kuseri kwa mtengo uja monga kale. Mwanayo anaima pafupi. Anaponya, mpira m'dengu. Anaponyanso, m'dengu.

"Bwerera m'mbuyo pang'ono, Nankhoma."

"Phewa likundiwawa, ababa."

Bamboyo anaima pamenepo manja ali lende mpaka dzuwa kupendeka, osatola mpira ndi umodzi womwe. Ulendo wotsatira sanatulutsenso chikulungacho.

Kenaka bamboyo anayamba kudwala. Chifuwa chinamugwira, thupi linatha, njinga za anthu anazibweza kwa eni ake zosakonza. Iye mwini anadziwa kuti ulendo wayandikira. Nyengo yomweyo timu ya mwana wake inafika m'ndime yotsiriza ya chikho. Bamboyo anali asanamuonerepo mwana wake m'bwalo la m'tauni, ankangomva pakawailesi kaja. Ndiye anatumiza mawu:

"Ndikubwera. Pawailesi amangoti wamwetsa, wamwetsa, sanena kuti unaima pati. Ndikufuna ndidzauone ndi maso anga, kamodzi kokha, mpira wakutali uja tinkaphunzira kuno. Ndikauona, ndidzagona bwino."

Achibale anamuletsa, iye anakana. Anakwera basi atafunda bulangete, dzuwa likuswa mtengo. Atafika pabwalo, anthu atamva kuti ndi bambo a Saphonya, anamupezera mpando pamthunzi, pakati pa akuluakulu. Anathokoza, koma sanakhalepo. Anayenda pang'onopang'ono ndi ndodo yake mpaka kuseri kwa golo limene mwana wake ankamwetsako, n'kuima kunja kwa chingwe. Matimu akasinthana mbali, nayenso ankanyamuka ndi ndodo yake, kuzungulira bwalo lonse, akupumira m'njira, mpaka kukaima kuseri kwa golo linalo. Anthu ankafunsana kuti madala awa akufuna chiyani padzuwa. Mwana wawo yekha ndiye ankadziwa chimene akudikira.

Masewero anali a ndiwe ndani ndiwe yani. Uku akamwetsa, uko abweza. Mtsikanayo anasewera monga mwa masiku onse, pansi pa golo. Kangapo mpira unamupeza patali, ndipo kangapo konseko anaupereka kwa mnzake. Mumtima ankati, ndiponya wotsatirawo, ndiponya tikatsogola bwino. Koma tsiku limenelo kutsogola bwino kunalibe. Nthawi inkatha, ndipo bambo ake anali chiimire.

Kutatsala pang'ono kuti woimbira atseke masewero, matimu anali atafanana zigoli. Mpira unabwera kuchokera pakati, n'kumupeza mtsikanayo ali pamzere penipeni, pamalo paja anaphonyera kale. Otchinga a timu inayo sanavutike naye n'komwe. Iwo anali atamuwerenga kalekale, ankadziwa kuti pamenepo saponya. Onse awiri anakaunjikana pa mnzake uja, n'kumutsekera njira zonse. Womupatsira panalibe. Iye anatsala yekhayekha, mpira m'manja, golo patsogolo, popanda ngakhale dzanja lomutchinga.

Anaukweza mpira pamwamba pa mutu. Poyang'ana golo, anawaona bambo ake kuseri kwake. Ndodo anali ataigoneka pansi. Bulangete linali litagwa. Anali atapinda mawondo pang'ono, manja atatambasula, ngati munthu wokonzeka kuthamanga.

Ng'oma inali pakati. "Saphonya! Saphonya!"

Dzanja lake linkaidziwa njira. Linaiphunzira zaka zonse zija pamtsetse, ndipo dzanja siliiwala. Koma mtima unayamba kuwerengera: ukalowa, chabwino, nanga ukagunda chitsulo? Pamaso pa anthu onsewa? Pawailesi? Tsiku la chikho? Anamvanso kuseka kuja m'makutu mwake, kuseka kumene kunali kusanachitike n'komwe.

Inu mukulidziwa lamulo la mpira wathu. Sulola munthu kuukumbatira ngati mwana. Woimbira amawerenga chamumtima, ndipo sachedwa.

Kherere inalira. Wagwira mpira nthawi yaitali.

Sanaponye, ana inu. Sanaphonye, ndipo sanamwetse. Anangoutsitsa mpirawo n'kuuika pansi. A timu inayo anautola, anapatsirana kutsika nawo bwalo, n'kukamwetsa. Masewero anathera pomwepo, chikho chinapita.

Mukuganiza kuti anamutukwana? Ayi ndithu. Ochemerera anamuikira kumbuyo. Ankati analibe womupatsira, wolakwa ndi mnzake uja amene sanadzimasule. Pawailesi ananena kuti mipira yonse imene Saphonya anaponya tsiku limenelo inalowa, ndipo sananame. Akuluakulu a mpikisano anamupatsanso kachikho kakang'ono ka wogoletsa bwino. Dzina lake linatuluka m'bwalomo lopanda banga.

Ananyamula kachikhoko n'kupita nako kwa bambo ake. Anawapeza atakhala pansi, atatsamira mpanda, akupuma movutikira. Anagwada, n'kukaika m'manja mwawo. Bamboyo anakatembenuza uku ndi uku, anakayamikira kuti n'kokongola, n'kumubwezera. Kenaka ananena motsitsa mawu:

"Ndinaima bwino, Nankhoma. Ndodo ndinaika pansi. Ukanaphonya, ndikanautola."

Sanamukalipire. Bola akanamukalipira. Anangopempha kuti amuthandize kudzuka, akapeze basi kusanade.

Bamboyo sanaione mvula ya chaka chimenecho.

Pamaliro mtsikanayo sanalire kwenikweni. Anthu ochokera m'tauni anabwera ambiri, ndipo ngakhale pasiwa ankanong'onezana n'kumuloza kuti Saphonya uja ndi ameneyo. Maliro atatha, anthu atabalalika, analowa m'nyumba kukalongedza katundu wa malemuwo. M'bokosi la masipanala anapezamo chikulunga. Chinali chatsopano, mphira zake zosathetheka, chomangidwa mosalimba kwenikweni, ndi manja amene mphamvu zinali zitatha.

Anatuluka nacho kuseri kwa nyumba. Mtengo uja unali utapendekeka, limu itachita dzimbiri, dengu litadyedwa ndi chiswe. Panalibe ng'oma, panalibe wailesi, panalibe munthu womuona. Anaima pafupi. Kenaka anabwerera m'mbuyo pang'ono. Anabwereranso, mpaka anakafika pamene sanaimepo chibadwire. Anaukweza mpira, n'kuponya.

Unakwera bwino, uja wokhala ngati ukupita kwina. Potsika unagunda limu, n'kudumphira kumbali. Unagubuduzika kutsetsereka, kudutsa pakhola la nkhumba, mpaka kukalowa m'dimba kumunsi.

Mtsikanayo anaima pomwepo, manja atatambasula, kudikira. Thupi linali litazolowera kuti ukaphonya umadikira, mpira umabwera. Anadikira ndithu kanthawi asanazindikire chimene akuchita. Kumtsetse kunali zii. Pamenepo m'pamene analira, kulira kumene sanalire kumanda, mpaka anthu oyandikana nawo anathamangira kudzaona ngati kwagwanso zina.

M'bwalo sanabwereremonso. M'tauni muja dzina lake likadali loyera, ndipo akamakamba za iye amati dzanja ngati lija silidzaonekanso. Kachikho kaja ena amati kali pawindo, amasungiramo singano.

Tsono inu. Dzulo ndinakumvani mukumupeka dzina mnzanuyu chifukwa wamwetsa masiku awiri otsatizana, ndipo iye mapewa anali m'mwamba. Lero ndaima apa kukuonererani. Mpira ukafika pamzere mukupatsirana ngati ndi khala lamoto, aliyense kufuna kuti akaphonye ndi mnzake. Mukadali ana, koma mwayamba kale ulonda. Zimenezi zandiwawa, n'chifukwa chake ndakukhazikani pansi.

Chikho sindikukuletsani kuchifuna. Ine ndikuchifuna kuposa inu nonse. Nyimbonso ikabwera, vinani, si tchimo. Koma polowa m'bwalo dzifunseni kuti mwabwera kudzafuna chiyani. Amene wabwera kudzaponyera patali kuposa dzulo amatuluka ndi kanthu ngakhale tsiku loluza, ndipo amagona tulo. Amene wabwera kudzateteza dzina amatuluka ndi mantha ngakhale tsiku lopambana. Ndipo aliyense wa inu ali naye wina woima kuseri kwa golo, amene sanabwerere nyimbo. Ameneyo sadzaima pamenepo mpaka kalekale. Musamumane mpira.

Dzukani. Sasani fumbi. Aliyense akaime pamene sanamwetserepo. Ine ndikukaima kuseri kwa golo. Mawondo angawa akalamba, koma akadatola.